Mkamwini Wogwira Chingwe

Justino kwawo ndi ku Fonte Boa. Bambo ake anali katekisiti, ndipo atamwalira anasiya mabuku a nyimbo, njinga yopanda tcheni ndi mbiri yabwino. Kwawoko mkazi amachita kumulowola ndi ng'ombe, ndiye mbiri yabwino siilowa m'khola. Choncho atakonda Gilda, mtsikana wa m'mudzi wina kuseri kwa Domwe, Justino anachita zimene amachita mwamuna wopanda ng'ombe: ananyamula chikwama chake n'kukakhala chikamwini. Pochoka anauza amayi ake kuti ndi za chaka chimodzi, zikachuluka ziwiri. Zinakwana zaka zisanu ndi ziwiri akulimabe kachewere m'madimba a eni ake, ndipo mwana wawo Nádia anali atayamba kale sukulu.

Sanali munthu wodandaula. Anali wamtali, wofatsa, woti ukamuponda phazi amayamba ndiye kupepesa. Pamudzipo ankamuyamikira mmene amayamikirira ng'ombe yapangolo, kuti siwiringula.

Mudziwo uli m'chidikha, pakati pa mapiri awiri, ndipo foni ikalowamo imazunguzika mutu. Pena imagwira rede ya ku Malawi, pena sigwira kanthu. Rede, imene a kutsidya kwa malire amati netiweki, anthu ankachita kuikwerera phiri. Ukaona munthu waima pamwala kumtunda uko, dzanja lili m'mwamba ngati akulumbira, unkadziwa kuti akufuna kumva za maliro kapena mtengo wa kachewere ku Tete.

Justino ndiye anathetsa zokwera phirizo. Anagwirapo ntchito yolemba mayina a alimi m'bungwe lina la kachewere, ndipo bungwelo litatha anamusiyira laputopu yakale. Tsiku lina anagula kachipangizo konga chala chachikulu kotchedwa modemu, analowetsamo simu, n'kukatsekera m'botolo lapulasitiki kuopa mvula. Botololo analimangirira pansonga ya mlongoti wa bulugama pambali pa nyumba yake, chingwe n'kutsikira pazenera mpaka kuchipinda. Rede inalowa m'laputopu. Kenaka anatulukira kuti makinawo angathe kugawirako mafoni a ena popanda chingwe, bola munthu alembe senya, mawu achinsinsi otsegulira. Anayesa ndi foni ya Gilda, n'kumva ikulira kuti mauthenga a miyezi itatu afika nthawi imodzi. Gilda anavina pakhonde. Akuluakulu anati zoonadi mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Palibe anamukumbutsa kuti kalumo kamacheka ndi mwini wake yemwe.

Laputopuyo inali ndi matenda ake. Batire yake inafa kalekale, moti inkadalira moto wa sola basi, ndipo polowera chingwe cha motocho panali pogwedera. Kuti isazime, munthu ankayenera kuchigwira chingwecho ndi dzanja lamanzere, atachipendeketsa pang'ono m'mwamba, osagwedezeka. Justino anayesa kumanga ndi mphira, anayesa kutsamiritsa njerwa, anapita nayo kwa okonza ku Ulongwe amene anangoiyang'ana n'kumufunsa ngati alibe ina. Chinkamvera dzanja la munthu basi. Ndipo rede yogawayo sinkapita patali. Inkadutsa chitseko, n'kufika pakhonde, n'kufera pamtengo wa pichesi.

Tsono apa m'pamene panalowera apongozi ake, a Teodora. Mayiwa anali ndi ana awiri okha, Gilda ndi Romano. Romano anapita ku Joni zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo chaka chilichonse ankati abwera Disembala. Malume awo atamwalira, iyeyo ndiye anakhala mwinimbumba, woti nkhani iliyonse yaikulu ya pabanjapo iyambe yadutsa m'khutu mwake. Lamulungu lililonse, Misa ikatha, a Teodora ankabwera ndi mkeka wawo, n'kubwereka foni ya Gilda kuti aonane nkhope ndi mwana wawoyo. Ndipo anazindikira msanga kuti nkhope ya Romano imaoneka bwino akakhala pachitseko penipeni.

Pamudzipo chipongozi sachita nacho masewera. Mkamwini ndi amake a mkazi wake sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatukira m'chimanga. Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezo Justino ankawadziwa a Teodora ndi chifuwa chawo chouma, mapazi awo, ndi kapulana yobiriwira imene ankamanga m'chiuno popita kutchalitchi. Nkhope yawo akanakumana nayo kumsika mwina akanaipitirira. Nyumba yakeyo inali ya khomo limodzi. Choncho mkeka ukayalidwa pachitseko, Justino ankakhala kuti watsekeredwa, ali pakampando, dzanja lili pachingwe, maso ali kukhoma.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma mwambiwo sunanene chochita ngati kuseri kwa chitsekocho kwakhala apongozi. Justino anaphunzira yekha kuti Lamulungu samwa tiyi. Anasiya kukaonera mpira kubwalo la sukulu, anasiya bawo ya pagolosale, ndipo kwawo ku Fonte Boa ankangopitako kukagwa maliro. A Teodora akatha kulankhula, pankabwera ena: wofuna kutumiza chithunzi cha matumba a kachewere kwa wogula wa ku Beira, wofuna kumva mawu a mwamuna wake, wofuna kungoona zoseketsa. Makinawo ankalola mafoni asanu ndi atatu okha nthawi imodzi, ndiye wachisanu ndi chinayi ankaimirira pazenera n'kumadandaula kuti akamwini akukondera. Dzanja linkachita dzanzi, msana unkawawa, ndipo ngakhale mwezi wa Juni, kunja kuli chisanu chothetsa nkhuku mawu, iye ankatuluka thukuta.

Tsiku lina anayetsemula, chingwe n'kusuntha, makina n'kuzima Romano ali pakati pa nkhani. Sabata yonse mudzi unkanena kuti mkamwini wayamba kukula mwendo, akudula apongozi ake pakamwa. Kuyambira pamenepo kuyetsemula ankakumeza.

Chomwe chinkamupweteka kwambiri sichinali dzanja ayi. Chinali kumva. Chitseko chinali cha matabwa opyapyala, ndipo a Teodora ankakhulupirira kuti Joni ndi kutali, munthu ayenera kukuwa. Justino ankamva zonse: za munda, za matenda, za yemwe wapatsa mimba mwana wa yani. Ankamvanso za iye mwini, akumutchula ngati palibepo. Anthu anali atazolowera kuti kuchipindako kuli makina, anaiwala kuti kulinso makutu.

Chaka chino mwayi unamupeza. Mwini loja, sitolo ina ya mbewu ndi feteleza ku Ulongwe, ankafuna kalaliki wodziwa kompyuta, ndipo anamuuza kuti ayambe Lolemba loyamba la Julayi. Kuseri kwa lojayo kunali nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo sukulu yabwino inali pafupi, yoti Nádia azikafika asanatope. Justino anabwerera kumudzi mtima uli m'mwamba. Anauza Gilda kudimba, ali pakati pokumba kachewere, ndipo mkaziyo anaika khasu pansi n'kumuyang'ana.

"Nyumba ya khomo lathulathu?" anafunsa Gilda.

"Makomo awiri, amake Nádia. Lakumaso ndi lakuseri."

Gilda anaseka mpaka anakhala pansi pamzere. Onse awiri ankafuna kupita, koma mkamwini sanyamula mkazi ngati thumba lake. Ayenera kupempha chitengwa, ndiye kuti chilolezo cha eni mbumba choti amutenge mkaziyo kukakhala naye kwina. Justino anaitanitsa nkhoswe yake, a Paulino, ang'ono awo a malemu bambo ake, amene anapalasa njinga kuchokera ku Fonte Boa n'kukaitula nkhaniyo mwaulemu wonse. A kuchikazi anayankha kuti amva, koma mwinimbumba ali ku Joni. Amufunsa Lamulungu.

Lamulungu limenelo Justino anakhala pakampando kake, n'kugwira chingwe kuti mlandu wake womwe uzengedwe. Anamva mkeka ukuyalidwa, anamva chifuwa chija, kenaka mawu a Romano, oonda ngati akuchokera m'chitini.

"Alamu ndi munthu wabwino, zimenezo sindikana," anatero Romano. "Koma amayi, akachoka ndi makina awowo, ine ndizilankhula ndi yani? Inu ndi miyendo yanuyo muyambirenso kukwera phiri?"

A Teodora anatsokomola. Atalankhula sanakuwe monga mwa masiku onse, moti Justino anachita kutchera khutu.

"Iwe udapita, ndidatsala ndi mawu ako okha. Tsono atenge mawuwo, atengenso Gilda, ine nditsale ndi chiyani?"

Justino anayang'ana dzanja lake. Kungotambasula zala, zonse zikanathera pomwepo, ndipo mtima unamuuza kuti atero. Mkwiyo unamugwira, mkwiyo wa zaka zisanu ndi ziwiri. Koma chilolezo chimene ankachifunacho chinalibe njira ina yodzera, chinayenera kutsika ndi chingwe chomwecho. Komanso, kunena zoona, mayiwo anamumvetsa chisoni. Anagwiritsitsa mpaka Romano ananena kuti aiganizira nkhaniyo, ayankha Lamulungu linalo, lomwe linali lomaliza Justino asanayambe ntchito.

Nzeru inamubwerera Lolemba ali kudimba, ndipo anadabwa kuti sanaiganize kale. Ku loja kunali kompyuta yakeyake, ndipo ku Ulongwe rede ili paliponse. Laputopuyo ankaifuniranji? Aisiye, pamodzi ndi mlongoti, sola ndi zonse, ikhale mphatso ya apongozi. Chotsala chinali kupeza dzanja lina. Anaganiza za Ercília, mwana wa mng'ono wawo wa a Teodora, mtsikana wamkulu ndithu amene anali asanakwatiwe. Koma mwamuna wapabanja kukhala kuchipinda ndi mtsikana wotero, mitu itagundana pamakina, mudzi ukanapeza ndiwo ya mwezi wathunthu. Choncho anati aphunzitse Gilda, ndipo Gilda aphunzitse Ercília.

Gilda anagwira zinthu msanga modabwitsa. Pofika Lachitatu ankadziwa kuyatsa, kudikira kuti modemu iwale, kudina pogawira rede, ndi kulembera munthu senya pafoni. Chingwe chija chinamumvera kuposa mwini wake. Dzanja lozolowera kupeta silinjenjemera.

"Zaka zonsezi mumatiopseza ngati n'zovuta," anamuseka mwamuna wake.

Ercília ndiye anabwera Lachisanu, mochedwa, manja ali dothi. Anagwira chingwe kawiri, makina n'kuzima kawiri, ndipo anaseka n'kunena kuti iye zokhala malo amodzi ngati nkhuku yofungatira sangazithe. Gilda anati asadandaule, adzamuphunzitsa bwino sabata yamawa. Justino sanaone vuto. Chachikulu chinali choti a kuchikazi aone ndi maso awo kuti makinawo amayenda iye palibe.

Lamulungu, Misa itatha, anamwa tiyi makapu awiri. Anasiya Gilda pakampando, n'kutuluka mkeka usanayalidwe, kukakhala ndi a Paulino kuseri kwa khola, padzuwa. Kanali koyamba m'zaka zitatu kuona mmene mudziwo umaonekera Lamulungu masana. Anaona ana akuthamangitsa gudumu, anaona utsi wa fodya wa madala pansi pa mtengo, anatambasula miyendo n'kumva kukoma. A Paulino anali atatula kale za mphatsoyo, ndipo ankanena kuti nkhani yatha, palibe munthu angakane mkamwini wopatsa chonchi. Justino anawodzera pang'ono. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku lokhalo limene anafunika kumva zonenedwa pachitseko paja, ndi limene anali kutali.

Dzuwa litapendeka inabwera nkhoswe ya kuchikazi, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, n'kukhala pansi mosafulumira. Anayamba ndi kuthokoza. Anati mwinimbumba wakondwa kwambiri, wati alamu ake ndi munthu wosowa, mphatso yotere sanaiyembekezere. Anati ntchito ndi ntchito, akamwini apite ndi mtima woyera, palibe angawatsekereze.

"Nanga mbumba?" anafunsa a Paulino.

"Eya, pamenepo," anatero bamboyo, akukanda pansi ndi kamtengo. "Mwinimbumba wati poti makinawa wawadziwa ndi mlongo wake, ndipo lero ayenda bwino osadukako n'kamodzi komwe, Gilda abatsala aziwagwira. Mwana akhale ndi amake. Za chitengwa tidzakhala pansi mwini wake akabwera."

"Abwera liti?"

"Wati Disembala."

A Paulino anayesa kutchula Ercília, koma anawayankha kuti mwana uja ndi wamasewera, ndiponso mawa lino akwatiwa, apita. Mkamwini salankhula pabwalo la ankhoswe. Justino ankangoona mmene anamangira msampha ndi manja ake, mosamala, sabata yathunthu, n'kukolamo mkazi wake.

Anamupeza Gilda akadali pakampando, makina atazimitsa, akufinya zala za kumanzere ndi dzanja linalo. Maso ake anali ofiira.

"Ndidamva zonse, bambo a Nádia," anatero. "Achimwene adachita kufunsa kuti wagwira ndani lero, poti zikuoneka bwino chonchi. Amayi n'kunena kuti ndi Gilda."

"Bwanji simudasiye chingwecho? Chikadazima, akadaona kuti simungathe."

Gilda anamuyang'ana. "Inu mudasiyapo?"

Justino anakhala pansi, pamphasa.

"Amayi amalira," anapitiriza Gilda. "Amalira akuseka, akuti ana anga onse awiri ndili nawo. Ine ndikadatani?"

Anakambirana zoti Justino aikane ntchitoyo, koma Gilda anakana. Anati akakana ndiye kuti onse awiri akalambira m'chipinda chomwecho, kumalandizana chingwe. Apite, akaone nyumbayo, mwina Ercília asintha mtima, mwina Disembala wa chaka chino adzakhala woona. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi, ndipo onse ankadziwa kuti akungotonthozana.

Lolemba m'mawa Justino ananyamula chikwama chomwe chija anabwera nacho zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Nádia anamupempha kuti akamugulire nsapato za sukulu, n'kuthamangira anzake. Gilda anamuperekeza mpaka pakhola. Chapatali, m'munda, anaona kapulana yobiriwira itapatukira m'mapesi kuti iye adutse, ndipo anavula chipewa monga mwa mwambo. Anayenda wapansi kukafika ku Domwe, n'kukwera shapa, minibasi yodzaza ndi matumba a kachewere ndi amayi opita kumsika.

Ntchito inali yabwino. Mwini loja anali munthu wosavuta, kompyuta inali yatsopano, yosafuna kugwiriridwa. Nyumba ija inalidi ya makomo awiri. Justino anayala mphasa m'chipinda chimodzi, chinacho anangochisesa n'kuchitseka. Ku Ulongwe aliyense anali ndi rede m'thumba mwake, ndipo sabata yonse palibe anamupempha senya.

Anagwirizana ndi Gilda kuti Lamulungu aziimba msanga, Misa ikangotha, mkeka usanafike. Anaimba. Foni inalira kanthawi, kenaka nkhope ya mkazi wake inaoneka, ili mumdima wa chipinda chija, kumbuyo kwake kuli khoma limene iye ankalidziwa mng'alu uliwonse. Foni anaigwira kumanja. Phewa lamanzere linali litatsika pang'ono, mmene limatsikira munthu akapendeketsa chingwe.

"Mwadzuka bwanji, amake Nádia?"

"Tadzuka. Nádia ali kwa anzake, nsapato akuti musaiwale. Kaya inu kumeneko?"

"Kuno kuli bwino. Milomo yanu yauma. Mwamwa tiyi?"

Gilda anamwetulira pang'ono. "Lamulungu sitimwa tiyi."

Justino anafuna kumuuza za nyumbayo, za mpopi wa madzi umene uli pabwalo pomwepo, za chipinda chimene anachisesa. Asanayambe anamva, kudzera m'foni momwemo, mkeka ukuyalidwa kuseri kwa chitseko, kenaka chifuwa chouma chija. Gilda anatembenuza maso.

"Amayi afika," ananong'ona. "Akudikira foni, achimwene aimba posachedwa. Tilankhulana Lamulungu."

Nkhope inazima. Justino anatsala atakhala pamphasa, foni ili m'manja. Kunja anthu ankapita kumpira, akuitanizana. Makomo onse awiri anali otsekula, panalibe mkeka pakhomo lililonse, panalibe womuletsa kutuluka. Anayang'ana ketulo imene anaitereka m'mawa n'kuiiwala dala, poti nayenso tsikulo sanamwe kanthu. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa linapendeka, akuwerenga mumtima mwake kuti tsopano dzanja la Gilda layamba dzanzi, tsopano msana, tsopano akumeza kuyetsemula.